Makina a Masewera, Khobidi ndi Magetsi: Kuchokera m'Masitolo a ku America Kufika m'Misika ya ku Ntcheu

Masewera a pa kanema, amene achinyamata amangowatchula kuti magemu, ndi masewera amene munthu amayendetsa zithunzi zooneka pa galasi la kanema podina mabatani kapena popendeketsa kachitsulo kogwira m'manja. Mbiri yake, imene yapitirira zaka 50 tsopano, imafotokozedwa kawirikawiri ngati mbiri ya nzeru zopangira makina, koma ili ndi mbali ina imene imakhudza kwambiri makolo, aphunzitsi ndi mafumu, ndiyo mbiri ya nyumba zimene anthu ankalowamo ndi ndalama m'manja kuti asewere pa makina a munthu wina. Ku America nyumba yotereyi inkatchedwa arcade, ndipo inafika pachimake pamene inalowa mu mall, chimene ndi chinyumba chachikulu chokhala ndi masitolo ambirimbiri pansi pa denga limodzi. Kwa anthu a ku Nzama m'boma la Ntcheu, kumene malo osonkhanirana odziwika ndi tchalitchi, sukulu, bwalo la mpira ndi msika, nkhaniyi ingamveke yakutali, komabe malonda omwewo akuchitika lero m'timanyumba ta pa misika ya m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo mafunso amene anavutitsa makhonsolo a ku America zaka 40 zapitazo ndi omwewo amene makomiti a sukulu a m'boma la Ntcheu akukumana nawo.

Maziko a malondawa ndi ofanana ndi a chigayo. Banja limodzi silingagule chigayo kuti lizigayitsa chimanga chake chokha, choncho munthu mmodzi amachigula, n'kuchiika pamalo podutsa anthu ambiri, ndipo aliyense amalipira pang'ono malinga ndi ntchito imene chamugwirira. Mwini makina a masewera nayenso amagulitsa nthawi yochepa pa chipangizo chodula chimene wosewerayo sangakhale nacho kunyumba, ndipo malonda ake amayenda bwino malinga ngati chimene chili m'nyumba yolipirayo chikuposa kutali chimene chili m'nyumba za anthu. Kusiyana kumeneku kukachepa, malondawo amafooka, ndipo kukatheratu amafa, ngakhale mwini wake atakhala wakhama chotani.

Makina oponyamo ndalama anayamba kale magemu asanabadwe. Otchuka kwambiri anali a pinball, tebulo lopendekeka lokutidwa ndi galasi limene kampira kachitsulo kamagubuduzika pakati pa timisomali ndi tizitseko. Pa makina oyambirira wosewera analibe mphamvu yeniyeni pa kumene kampirako kalowere, ndipo eni mabala ena ankapereka mphotho kwa opambana, motero akuluakulu a boma anawaona ngati njuga yodyera ana ndalama. Mu 1942 mfumu ya mzinda wa New York, Fiorello La Guardia, inaletsa makinawa, apolisi n'kumawalanda ndi kuwaphwanya. Mu 1947 kampani ya Gottlieb inawonjezera timikono tobwezera kampirako m'mwamba, zimene zinapatsa wosewera mpata woonetsa luso lake, koma chiletsocho chinakhalapobe mpaka 1976, pamene katswiri wina, Roger Sharpe, anasewera pamaso pa khonsolo ya mzindawo pofuna kutsimikiza kuti wodziwa amatha kulondolera kampirako kumene akufuna. Mlanduwu unaonetsa malire amene malamulo a mayiko ambiri amatsatira mpaka lero: masewera odalira luso, amene munthu amalipira kuti asangalale osayembekeza kubwezeredwa ndalama, ndi osiyana ndi masewera odalira mwayi, amene munthu amaikapo ndalama poyembekeza kupata zochuluka.

Makina a gemu oyamba kugulitsidwa pa malonda anali Computer Space a 1971, amene sanayende malonda kwenikweni chifukwa anali ovuta kuwamvetsa kwa munthu wongofika. Mmodzi mwa amene anawapanga, Nolan Bushnell, anayambitsa ndi mnzake kampani ya Atari mu 1972, ndipo chaka chomwecho injiniya wawo Allan Alcorn anapanga Pong, masewera a anthu awiri obwezerana kadontho kowala ngati osewera tenesi. Makina oyesera anaikidwa mu bala ina mu tauni ya Sunnyvale ku California, ndipo posakhalitsa anasiya kugwira ntchito chifukwa chotengera cha ndalama chinali chitadzaza. Kusintha kwakukulu kunachokera ku Japan mu 1978, pamene Tomohiro Nishikado wa kampani ya Taito anapanga Space Invaders, mmene wosewera amawombera magulu a zilombo zotsika kuchokera kumwamba, zimene zimawonjezera liwiro pamene zikuchepa. Kenaka kunabwera Asteroids mu 1979, Pac-Man wa Toru Iwatani wa kampani ya Namco mu 1980, ndi Donkey Kong wa Shigeru Miyamoto wa Nintendo mu 1981. Makina a Pac-Man okha anagulidwa oposa 100,000 mu America.

Makinawa ankafunika malo, ndipo apa ndi pamene mbiri yawo imakumana ndi mbiri ya mall. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mabanja ambiri a ku America anasamukira m'madera a kunja kwa mizinda, kumene nyumba zinali zotalikirana ndipo kunalibe msika kapena bwalo loti anthu n'kukumanirapo. Katswiri wojambula mapulani a nyumba, Victor Gruen, amene anachokera ku Vienna, anakonza Southdale Center ku Edina m'chigawo cha Minnesota, imene inatsegulidwa mu 1956 ngati mall yoyamba yotsekeka mbali zonse ndi yokhala ndi makina otenthetsa ndi oziziritsa mpweya. Zinyumba zoterezi zinachuluka msanga, ndipo achinyamata opanda kwina kopita anayamba kutherako nthawi yawo. Eni ake poyamba sankafuna kumva za makina oponyamo ndalama, popeza mbiri ya pinball inali itawaipitsa, ndipo ankaopa kuti anyamata aphokoso angathamangitse amayi obwera kudzagula. Amalonda amene anathetsa mantha amenewa, monga Tico Bonomo amene anatsegula Time-Out ku Northway Mall m'chigawo cha New York mu 1970, ndi Jules Millman amene malonda ake anadzakhala Aladdin's Castle pansi pa kampani ya Bally, anachita zimenezi posintha maonekedwe a nyumbayo osati a makinawo. Anayala makapeti, anaika wantchito woyang'anira nthawi zonse, analetsa kusuta ndi kudyeramo, ndipo malowo anawatcha osangalalirako banja lonse. Ambiri anayambanso kugwiritsa ntchito matokeni, tindalama tachitsulo togwira ntchito m'nyumba imeneyo mokha, timene tinkachepetsa umbava ndiponso tinkachititsa kuti amene wasinthitsa ndalama yake asatuluke nayo. Pofika 1983 Aladdin's Castle inali ndi nthambi pafupifupi 450.

Ndalama yachitsulo inalamulira ngakhale kapangidwe ka masewera enieniwo. Makina amodzi ankagulidwa ndi madola oposa 2,000, pamene kusewera kamodzi kunali masenti 25, choncho mwini wake ankafunika anthu masauzande angapo kuti angobweza ndalama yogulira, osawerengera lendi ya mu mall, imene inali yokwera. Opanga magemu anayenera kupeza muyezo wovuta: wosewera watsopano agonje pakangopita mphindi zochepa kuti apereke mpata kwa wina, koma agonje akumva kuti cholakwa chinali chake ndi kuti ulendo wotsatira achita bwino. Kuchokera apo kunabwera chizolowezi chopatsa wosewera miyoyo itatu, kukulitsa liwiro pang'onopang'ono, ndiponso mndandanda wa opambana, pamene mu Asteroids munthu ankalembapo zilembo zitatu za dzina lake kuti onse odutsa aone. Mndandandawu unali wanzeru koposa zonse, chifukwa unasandutsa masewera a munthu mmodzi kukhala mpikisano wa dera lonse, ndipo wochotsedwa pamwamba ankabweranso ndi khobidi lina popanda womuitana. Ndi bwino kuvomereza kuti amalondawa ankawerengera mtima wa mwana mosamala kwambiri, ngakhale kuti zimene ankagulitsa sizinali njuga.

Madandaulo sanachedwe. Makolo ankati ana akujomba kusukulu ndi kuwononga ndalama za chakudya cha masana, ndipo matauni ena anakhazikitsa malamulo a msinkhu ndi a nthawi yotsegulira. Tauni ya Mesquite ku Texas inaletsa ana osakwana zaka 17 kusewera popanda kholo kapena womuyang'anira, ndipo mlandu wake ndi Aladdin's Castle unafika ku khoti lalikulu la dzikolo mu 1982, limene silinagamule kotheratu za msinkhuwo koma linabweza nkhaniyo ku khoti laling'ono. Ku Philippines, Ferdinand Marcos anangoletseratu makinawa mu 1981.

Komabe chimene chinagwetsa arcade sichinali chiletso. Malonda a magemu ku America anagwa mu 1983 chifukwa cha kuchuluka kwa makina ndi magemu osakoma, ndipo pamene anadzukanso anadzukira m'nyumba za anthu, kudzera m'makina a Nintendo amene anatuluka ku Japan mu 1983 ndi ku America mu 1985. Street Fighter II wa 1991 ndi Mortal Kombat wa 1992 anabwezeretsa makamu m'nyumba zolipira kwa zaka zingapo, popeza kumenyana ndi mlendo pamaso pa gulu kunali kokoma kuposa kusewera wekha, koma PlayStation ya kampani ya Sony, imene inatuluka mu December 1994, ndi PlayStation 2 ya mu 2000 zinafikitsa m'chipinda chochezera zithunzi zosasiyana kwenikweni ndi za mu arcade. Eni nyumba zolipira anathawira ku makina amene sangakwane m'nyumba ya munthu, monga oyendetsa galimoto okhala ndi mpando ndi chiwongolero, ovinira a Dance Dance Revolution a 1998, ndi otulutsa matikiti osinthanitsa ndi zidole. Ma mall nawonso anayamba kuchepa anthu, mwa zina chifukwa cha kugula zinthu pa intaneti, ndipo ngakhale ku Japan, kumene nyumbazi zinakhalitsa, kampani ya Sega inagulitsa nyumba zake zonse pakati pa 2020 ndi 2022.

Pa nthawi yonse imene arcade inkakula ndi kugwa, dziko la Malawi linali pa njira ina. Mu ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda kunalibe wailesi yakanema, zosangalatsa za pagulu zinkayang'aniridwa ndi lamulo lounika la 1968, ndipo Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999. Magetsi anali a m'tauni, ndipo ngakhale ndondomeko yofikitsa magetsi kumidzi ya MAREP inayamba mu 1980, inkalunjika kwenikweni pa misika ikuluikulu, zipatala ndi masukulu, osati pa makomo a anthu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa 100 alionse ankakhala kumudzi. Chopinga china, chimene sichitchulidwa kawirikawiri, ndi ndalama yeniyeniyo. Makina a arcade amadalira khobidi limodzi lokhala ndi mphamvu yokhazikika kwa zaka zambiri, monga masenti 25 a ku America kapena mayeni 100 a ku Japan, pamene kwacha, imene inayamba mu 1971, yatsika mphamvu kambirimbiri, monga mu May 2012 ndi mu November 2023 pamene inagwetsedwa ndi 44 peresenti, kufikira kuti matambala anazimiririka m'malonda ndipo ndalama zachitsulo za K5 ndi K10 sizigula kanthu kooneka. Kabowo koponyamo ndalama kamapangidwa molingana ndi kukula ndi kulemera kwa khobidi limodzi, ndipo sikangatsatire mitengo imene imasintha chaka ndi chaka.

Chimene chinatsegula njira kuno ndi nyumba zoonetsera mavidiyo, zimene zinafala m'misika kuyambira m'zaka za m'ma 1990: chipinda cha mabenchi, chinsalu pakhomo, chimkuzamawu panja choitanira anthu, ndi mnyamata wotolera ndalama polowa. Nyumbazi zinazoloweretsa anthu kulipira kuti aone kanema wa munthu wina, poyamba mafilimu a nkhondo ndi a karate, amene pambuyo pake anayamba kumasuliridwa m'Chichewa, kenaka mpira wa ku England ndi wa ku Spain kudzera pa setilaiti. Makina a PlayStation ogwiritsidwa kale ntchito atayamba kufika, ambiri m'zikwama za anthu obwerera kuchokera ku Joni pa mabasi odzera ku Tete n'kulowera pa chipata cha Mwanza kapena cha Dedza, anapeza chipinda, magetsi ndi makasitomala zili kale m'malo. Njira imeneyi ndi yakale m'boma la Ntcheu, pakuti kuyambira nthawi ya WENELA obwera kuchokera kumigodi ya ku Joni ndiwo ankafikitsa zinthu zatsopano kumudzi, monga njinga, magalamafoni ndi mawailesi. Malo a malondawa ndi misika monga Ntcheu boma, Tsangano Turn-off ndi Lizulu, kumene ndalama za kachewere, kabichi ndi tomato zimazungulira ndipo achinyamata a ganyu ndi a kabaza amakhala ndi kangachepe m'thumba. Msika wotere ukugwira ntchito imene mall inkagwira ku America, yosonkhanitsa anthu pamalo amodzi pa zifukwa zina, mwini makina n'kumangodyerapo. Mishoni ya Nzama, imene ansembe a chipani cha Montfort anatsegula mu 1901 m'dera la mfumu Njobvuyalema, nayonso yakhala ikusonkhanitsa achinyamata kwa zaka zoposa 120, koma mpingo ndi sukulu zimasonkhanitsa anthu pa maola oikika ndi pansi pa maso a akuluakulu, pamene msika ulibe belu lowerukira.

Kachipinda ka gemu ka ku Malawi si chithunzi chosauka cha arcade ya ku America, chifukwa kayendetsedwe kake ndi kosiyana pa mfundo zazikulu. M'malo mwa kabowo ka ndalama pali munthu, amene amalandira ndalama zapepala, amasintha mtengo mafuta a jenereta akakwera, ndipo amadziwa mwana wa yani walowa ndi yunifolomu nthawi ya sukulu. Masewera amene amakondedwa koposa ndi a mpira wamiyendo, a FIFA a kampani ya EA Sports, amene anasintha dzina kukhala EA Sports FC mu 2023, ndi a Pro Evolution Soccer a kampani ya Konami, ndipo izi zili ndi chifukwa cha malonda kuwonjezera pa chikondi cha mpira. Gemu ya mpira ili ndi nthawi yoikika, imatha pa mphindi zomwezo kaya osewera ndi akatswiri kaya ndi ophunzira kumene, choncho mwini chipinda safunikira makina opangidwa mwadala kuti agonjetse kasitomala. Wogonjetsa wosewera ndi mnzake wokhala naye pa benchi. Mwambo wofala woti wogonja ndiye alipire, wopambana n'kukhalabe pampando kudikira wina, umagwira ntchito imene mndandanda wa zilembo zitatu unkagwira, koma pamaso pa anthu odziwana mayina ndi makomo. Chiopsezo chachikulu cha malondawa ndi magetsi, monga zinaonekera mu January 2022 pamene namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kukhala miyezi yambiri pa kuthimathima, ndipo n'chifukwa chake sola ndi batire zasanduka mbali ya mpamba wa aliyense wofuna kuyamba.

Ma mall enieni alipo m'dziko muno, monga Chichiri Shopping Centre ku Blantyre ndi Gateway Mall ku Lilongwe, koma anamangidwa nthawi ya arcade itadutsa kale, ndipo amatumikira mabanja amene ambiri mwa iwo angathe kugula makina awoawo. Mbiri ya magemu olipira m'Malawi siili m'menemo.

Madandaulo a makolo a ku Ntcheu ndi ofanana ndi a ku Mesquite, a kujomba kusukulu, kusowa kwa ndalama m'nyumba ndi kubwera usiku, ndipo si opanda maziko. Koma pokambirana nkhaniyi mafumu ndi makomiti a sukulu amasakaniza kawirikawiri zinthu ziwiri zimene mlandu wa pinball unalekanitsa. Pa msika womwewo pamene pali PlayStation ndi tebulo la pool pamapezekanso makina oponyamo ndalama olonjeza kubweza zochuluka, ndi timaofesi tobetchera mpira. Izi ndi njuga, ndipo zili pansi pa bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, limene linakhazikitsidwa potsatira lamulo la 2022 lophatikiza mabungwe awiri akale, ndipo ndi zoletsedwa kwa aliyense wosakwana zaka 18. Gemu ya mpira yolipira mtengo wodziwika siili m'gulu limeneli, ngakhale kuti oonerera akayamba kubetcherana pa osewera awiriwo malirewo amafufutika, ndipo udindo woletsa zimenezo umagwera mwini chipinda. Lamulo la m'dera lotseka zonse pamodzi limalanga wamalonda amene angathe kumvera za maola otsegulira ndi za yunifolomu, n'kusiya njuga imene ili ndi njira zina zofikira mwanayo.

Njira yaikulu mwa zimenezo ndi foni ya m'manja, imene ikuchita kuno zimene PlayStation inachita ku America, kuchepetsa kusiyana pakati pa chimene chili m'nyumba yolipira ndi chimene munthu ali nacho yekha. Pakadali pano kusiyanako kukadalipo, popeza foni yotha kusewera mpira wa zithunzi zabwino ndi yodula, mabandulo a intaneti amatha msanga, ndipo galasi laling'ono silingasonkhanitse gulu la oonerera, motero timanyumba ta gemu tikhoza kukhalapo kwa zaka zina m'misika ya kumidzi titazimiririka kale m'tauni. Masewera amene foni yotchipa imakwanitsa bwino ndi a mtundu wina, monga Aviator wa 2019, amene anthu amamutchula kuti kandege, mmene wosewera amaika ndalama n'kuyesa kuichotsa ndegeyo isanathawe. Pamenepo luso silisintha zotsatira, ndalama imachoka mwachindunji mu Mpamba kapena Airtel Money, ndipo mwana wogwiritsa ntchito nambala yolembetsedwa m'dzina la mkulu wake sadutsa pakhomo lililonse pamene munthu wamkulu angamuone msinkhu.